Kodi ndi tsankho, kapena ndi mmene Ajeremani alili?

Funso

Ndine mtsikana wa ku Malawi, ndipo ndatha chaka ndi miyezi inayi ku Germany. Ndikuchita Ausbildung (maphunziro a ntchito) ya unamwino panyumba yosamalira okalamba m'tawuni ina yaing'ono m'chigawo cha Sachsen. Pali agogo ena aamuna amene amakana kuti ndiwasambitse, amati safuna kukhudzidwa ndi munthu wakuda. M'basi mpando woyandikana nane umakhala wopanda munthu ngakhale ena ataimirira. Anzanga akuntchito sanandiitanepo kwawo, ndipo aneba andiikira kakalata pachitseko kawiri konse pa nkhani ya zinyalala. Ndikadandaula, ena amati Ajeremani ndi mmene alili, ndingozolowera. Kodi ndi tsankho, kapena ndine amene ndikulephera kukhala nawo? Ndipirire kapena ndibwerere kumudzi?

Yankho

Achemwali, zinthu zinayi mwatchulazi si zamtundu umodzi ayi. Mwazimanga mtolo umodzi n'kuzisenza nokha, n'chifukwa chake khosi likuwawa. Ine ndakhala m'dziko lino zaka zoposa 20, ndipo ntchito yanga ndi yolangiza anthu obwera. Ambiri amene amafika pa ofesi amabwera ndi mtolo womwewu. Tiyeni tiumasule.

Ndiyambe ndi kakalata ka pachitseko. Mjeremani akakhumudwa ndi neba wake sagogoda n'kuyamba ndi "mwaswera bwanji, kunyumba kuli bwanji" ngati kwathu. Amangolemba. Amalemberana okhaokha za njinga yosiyidwa pamasitepe, za makina ochapira amene alira usiku, za katoni yoponyedwa m'bini yosayenera. Chaka changa choyamba ndinayatsa makina opopera fumbi Lamlungu m'mawa. Amayi ena achikulire a nyumba ya pansi pathu anakwera masitepe, anagogoda, n'kunena mawu atatu okha, "Heute ist Sonntag", kutanthauza kuti lero ndi Lamlungu, basi n'kutembenuka. Usiku umenewo ndinalira, mtima ukundiuza kuti andida chifukwa cha khungu. Patapita milungu ingapo ndinawamva akukalipira mnyamata wa pa yunivesite, Mjeremani mnzawo, pa mlandu womwewo, ndipo ukali wake unaposa umene anandionetsa ine. Amayi omwewo ndi amene anadzayamba kundilandirira katundu wa papositi, ndipo atadwala ndinkawagulira mankhwala ndine.

Kuyambira pamenepo ndili ndi funso limodzi limene ndimadzifunsa, ndipo ndimalipereka kwa aliyense wobwera kwa ine: kodi zimenezi akanamuchitira Mjeremani mnzawo? Ngati yankho ndi inde, ndiye kuti ndi mwambo wa eni dziko, uphunzireni. Ngati yankho ndi ayi, limenelo ndi tsankho, ndipo vuto si inu.

Za zinyalala musavutike nazo mtima. Kawirikawiri bini yachikasu ndi ya mapulasitiki ndi zitini zolongedzera zinthu, yabuluu ndi ya mapepala, yabulauni ndi ya makoko ndi zotsala zakudya, yakuda ndi ya zina zonse. Mabotolo agalasi ali ndi malo ake kunja, ndipo saponyedwa usiku kapena Lamlungu chifukwa cha phokoso. Kuyambira 10 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa ndi nthawi ya bata. Zonsezi zimalembedwa mu Hausordnung, malamulo a panyumba, amene mwina munapatsidwa limodzi ndi mgwirizano wa lendi. Safunsa anadya phula. Tengani kakalatako, mukagogode kwa amene analemba, muwapemphe akuonetseni pomwe mukulakwitsa. Ajeremani ambiri amasangalala kufotokozera munthu dongosolo, ndipo ndaona maubwenzi angapo atayambira pa bini. Akakutsekerani chitseko pamaso, kapena makalata akapitirira mutakonza zonse, pamenepo mudzadziwa kuti nkhani sinali ya zinyalala.

Za anzanu akuntchito ndikhalitsapo, chifukwa apa ndi pamene ife a ku Malawi timapwetekeka popanda wotimenya. Kwathu munthu amene mwagwira naye ntchito mwezi umodzi amadziwa kale kwanu, wadya nsima yanu, ndipo maliro akagwa amabwera. Kuno Kollege (mnzako wa kuntchito) ndi Kollege, Freund (bwenzi lenileni) ndi Freund, ndipo pakati pa mawu awiriwa pali mtunda wa zaka. Anthu amatha kugwira ntchito limodzi zaka khumi osaponda pakhomo pa mnzawo. Akaweruka amati Feierabend, nthawi imeneyo ndi yawo ndi banja lawo. Ngakhale kukaona mbale wako umayamba wapangana naye tsiku. Choncho kusaitanidwa pakokha sikunena kanthu. Chimene muyenera kuyang'ana n'chakuti, kodi enawo amaitanana n'kusiya inu nokha? Pa nthawi yopuma amakhala nanu tebulo limodzi? Ntchito zonyansa ndi mashifiti oipa amagawana mofanana, kapena zimagwera inu nthawi zonse?

Pali zinthu ziwiri za ulemu wa kwathu zimene kuno zimawerengedwa mosiyana, ndipo palibe amene adzakuuzeni. Choyamba ndi maso. Tinaleredwa kuti wamkulu akamalankhula uziyang'ana pansi. Mjeremani akaona zimenezo amaganiza kuti ukubisa kanthu kapena sukumvetsera. Chachiwiri ndi "inde". Ife timavomera mwaulemu ngakhale sitinamve bwino kapena sitikugwirizana nazo, poopa kuchititsa manyazi wamkulu. Kuno "ja", inde wa Chijeremani, ndi lonjezo. Mukati "ja" kenako osachita, amakuonani ngati wosadalirika, pamene mukanati "sindinamve, bwerezani" kapena "ayi, lero sinditha" akanakulemekezani. Pa ntchito ya unamwino, pomwe pali mankhwala ndi miyoyo ya anthu, zimenezi n'zazikulu. Kusintha apa sikutaya umunthu wanu. Kumudzi mukapita mudzagwadira agogo anu monga kale.

Anzanu enieni mudzawapeza ku Verein, kagulu ka anthu okonda chinthu chimodzi. Dziko lino lili ndi timagulu totere toposa 600,000: kwaya, mpira, volleyball, ozimitsa moto ongodzipereka, a minda ing'onoing'ono. Mjeremani amapalana ubwenzi ndi munthu amene amamuona Lachiwiri lililonse 7 koloko madzulo kwa chaka chathunthu, akuchita naye chinthu chimodzi. Kum'mawa kwa Germany anthu ambiri sapemphera, choncho tchalitchi si phata la moyo ngati kwathu, komabe kwaya za tchalitchi zilipo ndipo zimasowa mawu achinyamata. Komanso dziwani kuti pa tsiku lanu lobadwa ndinu amene mumabweretsa keke kuntchito. Kazingani mandasi kapena zitumbuwa, muike patebulo la m'chipinda chopumira, muone mmene anthu adzayambire kufunsa mafunso.

Tsopano za m'basi. N'zoona kuti Ajeremani sakonda kukhala pafupi ndi munthu wosamudziwa ngati pali mpando wina, ndipo amayang'anitsitsa kuposa mmene ife tinazolowerera. Koma inu mwanena kuti anthu amaimirira mpando uli pomwepo. Maso anu sakukunamizani. Anthu akuda a ku Hamburg, a ku München, ngakhale obadwira konkuno amene Chijeremani ndi chilankhulo cha mayi awo, amasimba za mpando womwewo. Mu 2023 bungwe la European Union loona za ufulu wachibadwidwe, FRA, linatulutsa kafukufuku wa anthu akuda m'mayiko 13. Ku Germany anthu 76 pa 100 alionse amene anafunsidwa ananena kuti anasalidwapo chifukwa cha khungu kapena kumene anachokera m'zaka zisanu zapitazo, ndipo palibe dziko lina limene linaposa pamenepo. Kafukufuku wina, Afrozensus, amene anachita anthu akuda eni ake mu 2020 kudzera m'mabungwe a Each One Teach One ndi Citizens For Europe, anafunsa anthu pafupifupi 6,000, ndipo chimodzi mwa zodandaula zazikulu chinali chomwechi chanu: ukanena kuti wasalidwa, anthu sakukhulupirira. Choncho wina akakuuzani kuti mukungoganiza, musalole kuti akulandeni zimene mwaona ndi maso anu. Mpando wa m'basi mulibe poukasumira, ndipo sindikulangizani kumenya nkhondo iliyonse. Koma kudziwa dzina la chinthu chimene chikukupwetekani kumathandiza kuti musadzione ngati wonunkha.

Ine chimene chinanditsegula maso ndi nyumba. Ndinaimba foni, ndinauzidwa kuti nyumba ilipo, ndibwere 4 koloko. Nditafika, bambo amene anatsegula chitseko anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, dzanja lili pachitseko, n'kunena kuti pepani, yatengedwa kale. Ndinaima pamsewu makiyi a njinga ali m'manja, miyendo ikunjenjemera. Mnzanga wa kuntchito, Mjeremani, anaimba nambala yomweyo patatha ola limodzi, ndipo anauzidwa kuti abwere mawa adzaione. Nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti zimene tinachitazo ndi umboni umene makhoti amalandira. Mu 2019 khoti la ku Augsburg linalamula mwini nyumba wina kulipira mayuro 1,000 kwa bambo wa ku Burkina Faso chifukwa analengeza kuti nyumba yake ndi ya Ajeremani okha.

Nkhani ya agogo aja ilibe mbali ziwiri. Munthu wanena ndi pakamwa pake kuti safuna wakuda, ndiye palibe chofufuza. Pali kusiyana pang'ono ngati agogowo ali ndi matenda oiwala, chifukwa matendawa amamasula pakamwa ndipo munthu amalankhula zimene sangathenso kuziletsa. Koma ngakhale zitatero, ululu wake ndi womwewo, ndipo udindo wa abwana anu suchepa. Dziko lino lili ndi lamulo la 2006 lotchedwa Allgemeines Gleichbehandlungsgesetz, mwachidule AGG, ndipo limateteza ophunzira ntchito ngati inu chimodzimodzi ndi olembedwa ntchito. Gawo 12 limalamula olemba ntchito kuteteza antchito awo ku tsankho, ngakhale lochokera kwa anthu akunja monga odwala ndi abale awo. Gawo 13 limakupatsani ufulu wodandaula, ndipo gawo 16 limaletsa kukulangani chifukwa chakuti mwadandaula. Kungokusinthani chipinda mwakachetechete, osauza agogowo kapena abale awo kuti khalidwe limeneli pano sililoledwa, sikokwanira. Kumaphunzitsa nyumba yonse kuti wovuta ndinu.

Chida chanu chachikulu ndi kabuku. Ajeremani amachitcha Gedächtnisprotokoll: tsiku lomwelo chinthu chachitika, lembani deti, nthawi, malo, mawu enieni amene ananenedwa m'Chijeremani, ndi amene analipo. Kwathu mlandu umayenda ndi mboni ndi pakamwa. Kuno umayenda ndi pepala, ndipo chimene sichinalembedwe amachitenga ngati sichinachitike. Ndi kabukuko pitani kwa Praxisanleiterin wanu, amene amakuyang'anirani pa maphunziro a pantchito, kenako kwa Pflegedienstleitung, mkulu wa anamwino panyumbapo. Ngati pali komiti yoimira antchito, yotchedwa Betriebsrat, kapena Mitarbeitervertretung ngati nyumbayo ndi ya mpingo, auzeninso, ndipo aphunzitsi a kusukulu yanu ya unamwino adziwe. Samalani nthawi: ngati mukufuna chipukuta misozi pansi pa AGG, muyenera kulemba kalata yodandaula pasanathe miyezi iwiri. Anthu ambiri amabwera kwa ine patatha theka la chaka, atapirira mpaka kutopa, ndipo khomo limakhala litatsekeka. Munthu akakutukwanani pamsewu ndi mawu aja onyoza anthu akuda oyamba ndi N, umenewo ndi mlandu wa Beleidigung, kunyoza munthu, ndipo muli ndi miyezi itatu yokasuma kupolisi.

Simuyenera kuchita zimenezi nokha, mutu umodzi susenza denga. Ku Sachsen kuli Antidiskriminierungsbüro Sachsen, ofesi yothandiza osalidwa, yokhala ndi maofesi ku Leipzig, Dresden ndi Chemnitz, ndipo uphungu wake ndi waulere. Pa nkhani za kuopsezedwa kapena kumenyedwa kuli a Support a bungwe la RAA Sachsen, amene amatha kukuperekezani kupolisi ndi kukhoti. Ku Berlin kuli Antidiskriminierungsstelle des Bundes, ofesi ya boma imene imalangiza pafoni. Ngati simunakwane zaka 27, a Jugendmigrationsdienst, olangiza achinyamata obwera, ndi anu. Ngati mwapitirira, funsani Migrationsberatung, uphungu wa akuluakulu obwera, ku mabungwe a Caritas, Diakonie kapena AWO.

Mwina mukudabwa chifukwa chake dera lanulo lili lolimba chonchi. Agogo amene mukuwasamalirawo anakulira m'dziko la East Germany, nthawi imene Germany inali yogawika pawiri. Kuyambira 1979 dzikolo linkatenga antchito ku Mozambique, anthu zikwizikwi, ndi enanso ku Angola, Vietnam ndi Cuba. Pakamwa boma linkalalikira ubale wa mayiko, koma antchitowo linkawasunga m'mahostelo awoawo, kutali ndi eni dziko, ndipo mkazi akatenga mimba ankayenera kuchotsa kapena kubwezedwa kwawo. Anthu anakhala m'tawuni imodzi zaka khumi osadziwana. Khoma la Berlin litagwa mu 1989, mafakitale anatsekedwa, ambiri mwa a ku Mozambique anabwezedwa, ndipo mpaka lero amaguba ku Maputo kufuna malipiro awo amene anadulidwa. Kumeneko amatchedwa Madgermanes. Mkwiyo wa ulova unagwera otsala. Amadeu Antonio wa ku Angola anamenyedwa ku Eberswalde mu November 1990 n'kumwalira. Mu September 1991 ku Hoyerswerda, m'chigawo chanu chomwecho, gulu la anthu linazinga hostelo ya a ku Mozambique ndi a ku Vietnam kwa masiku angapo mpaka alendowo anasamutsidwa pa mabasi. Alberto Adriano wa ku Mozambique, bambo wa ana atatu amene anakhala m'dzikomo zaka zambiri, anaphedwa ku Dessau mu June 2000. Ndipo musaganize kuti kumadzulo n'koyera: ku Solingen mu 1993 anthu asanu a banja la ku Turkey anafera m'nyumba yotenthedwa, ndipo ku Hanau pa 19 February 2020 munthu mmodzi anawombera anthu asanu ndi anayi chifukwa cha kumene makolo awo anachokera.

Sindikulemba izi kuti ndikuopseni. Ndikufuna muyende ndi maso. Pa chisankho cha chigawo cha Sachsen mu September 2024 chipani cha AfD, chodana ndi obwera, chinapeza mavoti 30.6 pa 100 alionse. Funsani anthu akuda amene akhalitsa kumeneko kuti ndi malo ati amene sapitako usiku, ndipo muwamvere. Mukaweruka shifiti yausiku m'sitima khalani pafupi ndi woyendetsa kapena pomwe pali anthu. Masiku a mpira ndi a zionetsero samalani pa siteshoni. Nambala ya polisi ndi 110, ya ambulansi 112. Wina akayamba kukuvutitsani pagulu, musakuwe kwa onse. Sankhani munthu mmodzi, mumuloze, munene kuti inu a jekete yofiira, thandizeni, imbani 110. Ndipo wovutitsayo muzimuyankha ndi "Sie", kutanthauza "inu" waulemu, mokweza, kuti anthu adziwe kuti si mnzanu amene mukukangana naye.

Tsono mawu aja akuti "ungozolowera" ndi amene ndikufuna kuwakana. Anthu ambiri, ngakhale a kwathu, amakhulupirira kuti ukadziwa bwino Chijeremani, ukamasunga nthawi, ukamalekanitsa zinyalala, tsankho lidzatha. Taonani Karamba Diaby. Anachoka ku Senegal m'zaka za m'ma 1980, anaphunzira chemistry ku Halle mpaka kukhala dokotala wa sayansi, ndipo kafukufuku wake anali wa dothi la m'timinda ting'onoting'ono tija Ajeremani amatikonda kwambiri. Mu 2013 analowa m'nyumba ya malamulo ya Bundestag. Kodi pali kulowerera koposa pamenepo? Komabe mu 2020 mawindo a ofesi yake anapezeka ndi mabowo a zipolopolo, ndipo mu 2023 ofesiyo inatenthedwa. Tsankho si mphotho ya kulephera kwanu, ndipo simungaligule ndi khalidwe labwino. Koma nkhani yomweyi ili ndi mbali ina imene sindifuna muiphonye: mu 2021 anthu a ku Halle, mzinda wa kum'mawa, anamusankha yekha mwachindunji kukhala phungu wawo. Mu January 2024, zitaululika kuti anthu ena anakumana ku Potsdam kukambirana zothamangitsa obwera, Ajeremani mazanamazana a zikwi anadzaza misewu kukana zimenezo, ngakhale m'matawuni ang'onoang'ono a ku Sachsen kumene kuima pagulu chonchi kumafuna kulimba mtima. Anthu amenewa alipo m'tawuni yanu. Chilankhulo ndi Verein ntchito yake ndi kukufikitsani kwa iwo, kuti tsiku loipa likadzafika mudzakhale ndi woimba naye foni, woima nanu, wochitira umboni.

Funaninso anthu akuda anzanu. Pali kutopa kwina kumene Mjeremani wokoma mtima sangakumvetse, kutopa koyankha "kwanu kwenikweni ndi kuti" kachisanu pa tsiku, kapena kuchotsa dzanja la munthu m'tsitsi lanu. Initiative Schwarze Menschen in Deutschland, bungwe la anthu akuda a ku Germany, yakhalapo kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ndipo ku Leipzig ndi Dresden kuli magulu a anthu a ku Africa. Ngakhale kamodzi pa mwezi kwerani sitima, mukadye nsima ndi anthu amene simufunika kuwafotokozera chilichonse. Ndipo nyengo ya chisanu ikafika, dzuwa likamalowa 4 koloko, mukaona kuti tulo tasowa, chakudya sichikulowa, misozi ikungotuluka, pitani kwa Hausarzt, dokotala wanu wa nthawi zonse, mukanene. Inshuwalansi yanu imalipira chithandizo chotere, ndipo si chamanyazi.

Mupirire kapena mubwerere? Maganizo anga ndi awa. Ausbildung ndi ya zaka zitatu, ndipo mwatsala ndi miyezi 20. Pepala la unamwino la Pflegefachfrau limavomerezeka m'dziko lonse la Germany ndi m'mayiko a European Union, ndipo anamwino akusowa paliponse, moti mukalitenga ndinu amene mudzasankhe kokhala. Ndingakonde mutalimaliza. Koma kumaliza maphunziro sikutanthauza kumalizira panyumba yomweyo. Munthu amaloledwa kusintha malo ophunzirira ntchito, ndipo lamulo la za obwera limapereka mpaka miyezi isanu ndi umodzi yofunira malo ena ngati maphunziro aduka pa zifukwa zosachokera kwa inu. Chachikulu n'chakuti musasiye ntchito mwaukali musanalankhule ndi mlangizi komanso a Ausländerbehörde, ofesi ya boma yoona za obwera, chifukwa chilolezo chanu chokhalira kuno chamangidwa pa maphunzirowo. Pezani kaye malo atsopano, kenako mutsanzike. Ndipo ngati mutayesa zonsezi mtima n'kukanabe, kapena mukaona kuti moyo wanu uli pangozi, kubwerera kumudzi si kugonja, ndipo asakunamizeni a pa WhatsApp amene sanagonepo usiku umodzi kuno.

Sabata ino gulani kabuku kaja, mulembemo zonse zimene mukukumbukira za agogo aja, ndi madeti ake momwe mungathere. Imbani ku Antidiskriminierungsbüro musanakumane ndi abwana, kuti akuthandizeni kukonza mawu. Pokakumana ndi a Praxisanleiterin musapite nokha ngati pali mnzanu amene anamva mawu a agogowo, ndipo pomaliza pemphani kuti zimene mwagwirizana zilembedwe, inu mutenge kope lanu.